Mankhwala a Dazi ndi Moyo wa Mphaka wa M'nyumba

Chiyambire masiku a mneneri Elisa, amene anyamata a ku Beteli adamtonza panjira chifukwa cha dazi lake, mwamuna sadakhalepo pamtendere ndi tsitsi limene likumthawa pamutu, ndipo palibe mtundu wa anthu pansi pano umene sudayesepo mafuta, mizu, makungwa ndi masamba pofuna kubweza chimene zaka zalanda. Zambiri mwa zimenezo zidali zopanda pake, zongodyera anthu ndalama. Koma mbadwo wathu uno udapatsidwa mankhwala amodzi amene amameretsadi tsitsi pamitu ya anthu ambiri, otchedwa minoxidil, ndipo popeza amagwiradi ntchito, alowa m'nyumba zosawerengeka ku America, ku Ulaya, ku South Africa ndi kwina konse kumene kuli sitolo ya mankhwala kapena foni yoitanitsira katundu. Tsono walira mvula walira matope. M'nyumba zomwezo, pamabedi omwewo, mumagona mphaka, ndipo kwa mphaka madontho owerengeka a mankhwala amenewa angathe kukhala imfa, imfa yobanika ndi yowawa, imene kawirikawiri imadza mwini wake asakudziwa kuti yachokera m'dzanja lake lomwe.

Kuti munthu amvetse nkhaniyi ayenera kudziwa poyamba kuti minoxidil sadapangidwe chifukwa cha tsitsi ayi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, akatswiri a kampani ya Upjohn, mu mzinda wa Kalamazoo m'chigawo cha Michigan ku America, ankafunafuna mankhwala a zilonda za m'mimba. Ndipo atayesa pa agalu chimene adapanga, adapeza kuti zilonda sichichiza, koma kuti chimatsegula mitsempha ya magazi ndi mphamvu yodabwitsa. Kuchokera pamenepo mudatuluka minoxidil, amene bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala, la FDA, lidawavomereza m'chaka cha 1979 ngati mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, pansi pa dzina lakuti Loniten. Koma madokotala adali ataona kale chinthu chimene sadachiyembekeze, chakuti odwala akumwa mapiritsiwo ankamera ubweya pamphumi, m'masaya, m'mikono ndi kumsana. Ndipo dokotala wina wa matenda a khungu, Guinter Kahn, adali mmodzi wa oyamba kulingalira kuti ngati atasungunula mankhwalawo ndi kuwapaka pamutu, mwina dazi lingamere. Mu 1988, ku America, botolo loyamba lidaloledwa kugulitsidwa kwa amuna ndi dzina lakuti Rogaine, limene ku Britain ndi maiko ena limatchedwa Regaine. Mu 1991 adalola amayi. Ndipo kuyambira 1996 munthu aliyense ku America adayamba kugula popanda kalata ya dokotala. Motero mankhwala amphamvu a mitsempha ndi mtima adachoka m'kabati ya chipatala, nakakhala pambali pa sopo ndi mswachi.

Mphamvu yake tiyiyese ndi manambala, pakuti pano m'pamene pagona nkhani yonse. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi aja amapangidwa a mamiligalamu 2.5 ndi a mamiligalamu 10, ndipo dokotala amawasungira odwala okhawo amene mankhwala ena onse awakanika. Komanso sawapereka okha, koma pamodzi ndi mankhwala okodzetsa ndi ena obweza liwiro la mtima, chifukwa minoxidil amasunga madzi m'thupi, amathamangitsa mtima, ndipo nthawi zina amadzaza madzi m'kathumba kamene kamakuta mtimawo. Botolo lopaka pamutu limene anthu ambiri amagula ndi la 5 peresenti, ndiko kuti mililita imodzi, umene uli muyeso wa kupaka kamodzi, imanyamula mamiligalamu 50, kulingana ndi mapiritsi aakulu aja asanu. Ndipo mwamuna amauzidwa kupaka kawiri patsiku. Chimene chimapulumutsa wopakayo ndi khungu lake, pakuti mwa magawo 100 a mankhwala amene wapaka, kawirikawiri osapitirira awiri ndiwo amalowa m'magazi mwake. Otsalawo sapita kwina kulikonse. Amakhala patsitsi, pakhungu ndi pazala, nasamukira pachipeso, pachisoti, pathaulo ndi papilo, kudikira lilime la kanyama kolemera makilogalamu anayi okha.

Akatswiri a ziweto amaloza kuchiwindi pofotokoza chifukwa chimene mphaka amagonjera msanga. Thupi la munthu likalandira minoxidil, chiwindi chimawamangirira ku kanthu kena kochokera ku shuga, kuti asungunuke bwino m'madzi ndi kutuluka ndi mkodzo, ndipo gawo lalikulu la mankhwalawo limachoka m'thupi mwa njira imeneyi. Koma mphaka, amene makolo ake kuyambira kale lomwe sadadye masamba kapena zipatso koma nyama yokhayokha, sadafunikire kulimbana ndi ululu wa zomera monga zimachitira mbuzi ndi anthu, ndipo m'kupita kwa mibadwo chida china cha m'chiwindi mwake chogwira ntchito yomangirirayo chidafa. Michael Court ndi David Greenblatt a ku yunivesite ya Tufts adaonetsa m'chaka cha 2000 kuti jini yopanga chidacho mwa mphaka ilipo ndithu, koma ndi yowonongeka, yosatha kupanga kanthu. N'chifukwa chake piritsi limodzi la Panado, limene timapatsa mwana wa sukulu mutu ukamuwawa, limatha kupha mphaka. N'chifukwa chakenso mankhwala ena a utitiri okhala ndi permethrin, amene galu amawapirira, amagwetsa mphaka ndi kumnjenjemeretsa. Madokotala ambiri amakhulupirira kuti kufooka komweku ndiko kumasunga minoxidil nthawi yaitali m'magazi a mphaka, ngakhale kuti agalu nawonso amadwala nawo kwambiri akawameza.

Koma chiwindi chokha sichikadabweretsa tsoka, pakadapanda khalidwe la mphaka, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Mphaka wa kumudzi kwathu, amene ntchito yake ndi kulondera nkhokwe kuti makoswe asathe chimanga, amagona kukhitchini paphulusa lofunda, ndipo ndi wochepa amene amakwera pamphasa ya mwini wake. Sizili choncho ndi mphaka wa m'nyumba za ku London, ku Cape Town kapena ku Chicago, amene ambiri a iwo satuluka n'komwe pabwalo, amene adaleredwa m'manja kuyambira ali kamwana, ndipo amaona munthu wake ngati mbale wa chisa chimodzi. Amphaka okondana amanyambitana, makamaka pamutu ndi m'khosi, kumene mwini sangafike ndi lilime lake. Ndipo mphaka wokonda munthu amamchitira chimodzimodzi, amakwera papilo usiku, nanunkhiza mutu, nayamba kuusambitsa ndi lilime. Ngakhale wosanyambita munthu sapulumuka, pakuti akakhula tsaya lake padzanja losasamba, kapena akaponda dontho limene lagwera pansi m'bafa, mankhwala amamatirira paubweya ndi pamapazi. Ndipo popeza mphaka amatha gawo lalikulu la maola ake a maso akudziyeretsa, ndi lilime laminga limene silisiya kanthu, chilichonse chimene chagwera pathupi lake chimathera m'mimba mwake. Mphaka wamantha, wothawa anthu, ali pabwino kuposa wokhulupirika. Amene amafa ndi iye wokonda mwini wake koposa.

Mbiri yoyamba yolembedwa bwino ya imfa zotere idatuluka mu 2004, pamene dokotala wa ziweto Camille DeClementi ndi anzake, a ku likulu loona za poizoni wa ziweto la bungwe la ASPCA mu mzinda wa Urbana ku Illinois, adafotokoza za amphaka awiri a m'nyumba zosiyana. Onse awiri adali ndi malo amene ubweya udasosoka, ndipo eni ake, poona kuti m'nyumba muli botolo limene limameretsa tsitsi pamutu wa munthu, adaganiza mwa chifundo kuti lingameretsenso ubweya pachiweto chawo. Pasanathe maola 36 amphakawo adalefuka, nayamba kupuma movutika. Atawajambula pachifuwa, madokotala adapeza madzi m'mapapo ndi m'mbali mwa mapapo. Ndipo ngakhale adayesetsa ndi zonse zimene adali nazo, onse awiri adafa. Safunsa adadya phula, adatero akuluakulu, ndipo sinditchula mwambiwu kuti nditonze anthu amene adalira kale, koma chifukwa kulakwa kwawo n'kumene aliyense wa ife angachite. Ubweya wa mphaka umathothoka chifukwa cha zipere, utitiri, mphere kapena kudzinyambita kopitirira muyeso chifukwa cha kuyabwa, ndipo palibe limodzi mwa matenda amenewa limene mankhwala a dazi angachize.

Patapita zaka 17 padatuluka kafukufuku wokulirapo. Kathy Tater, Sharon Gwaltney-Brant ndi Tina Wismer adasanthula nkhani 211 za agalu ndi amphaka amene adakhudzana ndi minoxidil wopaka pakati pa 2001 ndi 2019, monga zidalembedwera m'mabuku a likulu lomwe lija la ASPCA, nasindikiza zimene adapeza mu 2021. Mwa ziweto zimene zidaonetsa zizindikiro za matenda ndipo nkhani zake zidafufuzidwa mozama, 62 adali amphaka ndipo 25 adali agalu. Oposa theka la amphakawo adadwala kwambiri ndithu, ndipo asanu ndi atatu adafa, ndiko kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi atatu aliwonse. Chimene chidasiyanitsa mitundu iwiriyi ndi njira imene poizoni adalowera. Galu, monga mwa chikhalidwe chake, adadzifunira yekha, kufukula m'bini ndi kutafuna zimene wapeza. Mphaka kawirikawiri sadabe kanthu: adanyambita khungu la mwini wake, adanyambita nsalu ya pilo, kapena mankhwala adamdonthera botolo litatayika. Ndipo olembawo adanena poyera kuti matenda adaoneka ngakhale pamene chiweto chidalandira madontho ochepa chabe, kapena chidangonyambita. Tikumbukirenso kuti awa ndi amphaka okhawo amene eni ake kapena madokotala awo adaimba foni kukafunsa. Amene adafera kuseri kwa mpando, eni ake nkumati ndi ukalamba kapena mtima, sadalowe m'kaundula wa munthu aliyense.

Matendawo amayenda motere. Mankhwala akalowa m'magazi, timinofu timene timagwira mitsempha timalefuka, mitsempha nkutanuka, ndipo mphamvu imene magazi amayendera imagwa. Mtima, poona kuti ziwalo zikusowa magazi, umathamanga kuti ubweze chimene chatayika, ndipo pothamanga chotero umadzitopetsa ndi kudzivulaza wokha. Impso nazo, poyesa kuti thupi lataya madzi, zimagwira mchere ndi madzi osazitulutsa. Ndipo madzi amenewo, posowa kopita, amadzaza m'mapapo ndi m'chifuwa, kufikira mphakayo amira ali pamtunda. Mwini wake chimene amaona poyamba n'chochepa: chiweto chakana chakudya, chasanza, chagona malo amodzi, makutu ndi mapazi azizira. Pambuyo pake mpweya umayamba kufupika, nthiti zikukwera ndi kutsika mofulumira, nkhama zikuyera kapena kuda ngati zabuluu. Mphaka wathanzi akagona, kawirikawiri sapuma kopitirira ka 30 pamphindi imodzi, ndipo sapuma ndi kukamwa monga galu. Mukaona mphaka ali kukamwa yasa, akupuma wefuwefu khosi litatambasuka, dziwani kuti maola ake atsala ochepa ngati sathandizidwa.

Chovuta n'chakuti mphaka ndi nyama yobisa ululu wake, ndipo zizindikiro zingathe kuoneka m'maola ochepa kapena kuchedwa kufikira tsiku lotsatira, kotero kuti munthu amene adaona mphaka wake akumnyambita mutu usiku, nam'peza m'mawa akuyenda bwinobwino, amadzitonthoza kuti palibe kanthu. Kudzitonthoza kumeneko ndiko kumapha. Aliyense amene waona kapena akukayikira kuti mphaka wakhudza mankhwalawa asadikire kuti ayambe wadwala. Ngati agwera paubweya, atsuke malowo bwinobwino ndi madzi ofunda ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, amuumitse kuti asazizidwe, nathamange naye kwa dokotala wa ziweto atanyamula botolo lomwelo, kuti dokotala aone dzina ndi mphamvu yake. Asamuumirize kusanza ndi mchere kapena mafuta, pakuti zimenezo zimangoonjezera tsoka pa tsoka. Mkaka nawo suchotsa poizoni ameneyu, chinkana ambiri amaukhulupirira. Ndipo ngati mphakayo wayamba kale kubanika, kumsambitsa kulekeke, chifukwa mantha a madzi okha angathe kummaliza; choyamba ndi ulendo.

Kuchipatala kulibe mankhwala ofafaniza minoxidil. Chimene dokotala amachita ndi kugwiriziza moyo kufikira thupi litautaya lokha ululuwo: amapereka makala a mankhwala ngati nthawi isanapite, amaika chiweto pa okosijeni, amalowetsa singano pakati pa nthiti kupopa madzi amene apanikiza mapapo, amapereka mankhwala okodzetsa ndi ena okweza mphamvu ya magazi, ndipo ena amayesa kudonthezera m'mitsempha mafuta apadera amene amakoka poizoni wina m'magazi. Ntchitoyi ndi yovuta chifukwa zofunika ziwiri zimakokana, pakuti mphamvu ya magazi ikagwa dokotala amafuna kuthira dripi, koma madzi a dripiyo ndi omwewo amene angakamize mapapo. Amphaka ambiri ofika msanga amachira, koma kuchirako kumafuna masiku a kugonekedwa ndi ndalama zambiri, ndiponso chipatala chokhala ndi zipangizo, chimene sichipezeka m'tauni iliyonse.

Wina angaganize kuti iyi ndi nkhani ya abambo a dazi okha, koma botololi lafika kale m'manja ena. Anyamata ambiri masiku ano amalipaka m'masaya ndi pachibwano pofuna ndevu zodzaza, ngakhale kuti silidavomerezedwe pa ntchito imeneyo, ndipo nkhope ndiyo malo amene mphaka amakhula mutu wake akamapereka moni. Amayi nawo amaligula chifukwa cha tsitsi la m'mphepete mwa mphumi limene limatha ndi maluko okoka kwambiri, mameshi ndi mankhwala owongola tsitsi. Vuto limeneli si laling'ono, pakuti Nonhlanhla Khumalo wa ku yunivesite ya Cape Town adapeza pa kafukufuku wake mu mzindawo kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu amene adawayeza adali nalo. Mayi wotere amapaka madzulo, namanga duku kapena kuvala kachisoti kogonera, ndipo m'mawa kachisotiko kamatsala pabedi, pamene mphaka amadzipinda kuti agone. Palinso abale athu ambiri amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kapena kusamalira okalamba ku Britain. Iwo ndiwo amayala mabedi, kuchapa nsalu za pilo, kupukuta m'bafa ndi kutaya zinyalala, ndipo kawirikawiri ndiwo amatsala ndi mphaka tsiku lonse eni nyumba ali kuntchito; kotero kuti wantchito wodziwa dzina lakuti minoxidil, woona botolo lotsegula pasinki nalitsekera m'kabati, angathe kupulumutsa chiweto chimene bwana wake sadadziwe n'komwe kuti chili pangozi.

Si mankhwala a tsitsi okha amene ali ndi mlandu wotere. Mu 2015 FDA idachenjeza za mafuta opaka a ululu okhala ndi flurbiprofen, amphaka atatu a m'nyumba imodzi atafa pamene mwini wawo ankapaka pathupi lake, ndipo mu 2017 idachenjezanso za fluorouracil, mafuta a khansa ya pakhungu, agalu asanu atafa nawo. Koma mafuta amenewo munthu amapaka kwa kanthawi, nasiya. Minoxidil alibe tsiku losiyira, popeza munthu akaleka kupaka, tsitsi lonse limene lidamera limathothokanso m'miyezi itatu kapena inayi. Motero amene wayamba walowa m'pangano la zaka, m'mawa ndi madzulo, ndipo m'zaka zonsezo pafunika usiku umodzi wokha wotopa, umene chitseko cha kuchipinda chidaiwalika.

Kodi tsono munthu asankhe pakati pa tsitsi lake ndi mphaka wake? Sindili mwa iwo amene amapeputsa chisoni cha munthu wothothoka tsitsi, makamaka mayi, kapena mnyamata amene dazi lamfikira asanakwatire. Manyazi amenewo ndi enieni, ndipo kufuna kuwachotsa si tchimo. Zinthu ziwirizi zingathe kukhala m'nyumba imodzi, koma pokhapokha mwini nyumba atadziika pansi pa mwambo wosaphwanyika. Apake ali m'bafa, chitseko chotseka, mphaka ali kunja. Asambe m'manja ndi sopo nthawi yomweyo, napukute dontho lililonse. Thonje, mapepala ndi botolo lotha aziponye m'bini yokhala ndi chivundikiro. Adikire maola awiri kufikira anayi amene malangizo amanena kuti mutu uume asanagone. Koma kuuma sikutanthauza kuti mankhwala achoka, chifukwa chimene chimauluka ndi mowa umene adasungunuliramo, ndipo minoxidil amatsala patsitsi. N'chifukwa chake ine ndiyesa kuti mphaka wa m'nyumba yotere asagonenso m'chipinda cha wopakayo, ngakhale alire pakhomo usiku wonse. Amene akudziwa kuti mtima wake sungapirire kulira kumeneko, kapena kuti mphaka wake ndi wonyambita wosaletseka, akambirane ndi dokotala wake za njira zina. Madokotala a khungu tsopano amalembera anthu ena mapiritsi a minoxidil a muyeso wochepa, amene sasiya kanthu papilo, ngakhale kuti ali ndi zoopsa zake kwa munthu wa vuto la mtima, ndiponso piritsi logwera pansi ndi poizoni yemweyo kwa chiweto cholitola.

Katundu yense sayenera kusenzetsedwa wogula yekha. Pamabotolo a mankhwala pamalembedwa mooneka kuti asungidwe kutali ndi ana, ndipo n'koyenera. Koma mawu a mphaka, pamene alipo, munthu amachita kuwafunafuna, chikhalirecho imfa zoyamba zidalembedwa mu 2004, ndipo opanga adakhala ndi zaka zoposa makumi awiri zoti aike chenjezo la mzere umodzi kutsogolo kwa bokosi. Zinthu zaipiraipira ndi malonda a pa intaneti, kumene mabotolo amagulitsidwa m'magulu a WhatsApp ndi Facebook popanda kapepala ka malangizo, ndiponso kumene mafuta ena otchedwa achilengedwe amasakanizidwa ndi mankhwala osalembedwa pachikuto. Dokotala wa khungu polemba kalata, wogulitsa mankhwala popereka botolo, ngakhale wometa tsitsi amene amalangiza anyamata za ndevu, aliyense wa iwo angathe kufunsa funso limodzi lalifupi, lakuti kodi kunyumba kuli mphaka. Ndipo dokotala wa ziweto, akalandira mphaka wobanika amene dzulo lake adali bwino, afunse banja lonse, amuna ndi akazi omwe, chimene amapaka pamutu ndi pankhope, pakuti ambiri amabisa botololi ngakhale kwa a m'nyumba mwawo, ndipo salitchula pokhapokha atafunsidwa ndi dzina lake.